Galimoto yakale isathere pa sikelo, komanso isawolere pa miyala

Chiyambire pamene ogula zitsulo zakutha anayamba kuzungulira ndi malole awo m'misika ya kuno kwathu, kuchokera ku Bvumbwe, kudutsa pa Luchenza mpaka ku Limbuli, mtsutso wa galimoto zakale wakula m'magalaja, m'madepoti ngakhalenso m'mabanja. Anthuwa akafika pakhomo pamene pali Peugeot, Datsun kapena Land Rover yomwe inaleka kuyenda, safunsa chaka chimene inapangidwa kapena ntchito imene inagwira. Amangofuna kudziwa kulemera kwake, n'kutchula mtengo wa pa kilogalamu. Ena akuti ogula zitsulowa akutithandiza, chifukwa akuchotsa ziphapha zomwe zikungosunga njoka ndi udzudzu. Ena akuti akutimaliza chuma chimene sitidzachipezanso. Palinso kagulu ka anthu okonda galimoto kwambiri, amene amati galimoto yakale ndi chokongoletsera pakhomo, ndiye iyenera kupukutidwa, kuvundikiridwa ndi lona, n'kumatulutsidwa pa tsiku la ukwati lokha.

Maganizo anga ndi akuti galimoto iweruzidwe potengera mmene ikusamalidwira, osati zaka zake, ndipo galimoto yakale iliyonse imene ingathe kukonzeka isaphwanyidwe. Koma kuisunga kumene ndikunena pano ndi kuisunga ikuyenda pa msewu, ili ndi mapepala ake onse. Munthu amene waikweza pa miyala kuseri kwa nyumba, n'kumanena chaka ndi chaka kuti adzaikonza, sakusunga kanthu. Akuchita pang'onopang'ono chimene wogula zitsulo amachita tsiku limodzi ndi nyundo. Anthu otsutsana ndi maganizo amenewa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina mwa izo n'zolemera ndithu, choncho n'koyenera kuziyankha imodziimodzi.

Mfundo yoyamba, yomwenso ndi yolemera kuposa zonse, ndi ya ngozi. Otsutsa amati galimoto ya m'zaka za m'ma 1970 ilibe zotetezera zimene galimoto za masiku ano zili nazo: ilibe matumba a mpweya amene amafufuma pa ngozi, mabuleki ake alibe ABS (chipangizo choletsa matayala kuuma n'kumaterereka pogwira mabuleki mwadzidzidzi), thupi lake silinapangidwe kuti lizikhwinyata n'kumeza mphamvu ya kugunda isanafike kwa okwera, ndipo zina zilibe ngakhale malamba a mipando ya kumbuyo. Zonsezi n'zoona. Wokonda galimoto zakale amene amayankha kuti chitsulo chakale n'cholimba akudzinamiza, pakuti chitsulo chikakana kupindika, mphamvu yonse imathera pa munthu amene ali m'katimo. N'chifukwa chake sindinganene kuti galimoto yotere ikhale yonyamula anthu tsiku ndi tsiku, ikuthamangira makasitomala pa msewu wa Midima. Komabe, aliyense amene amayenda pakati pa Limbe ndi Muloza amadziwa zimene zimadzetsa maliro m'misewu ya kumeneku: liwiro, kupitirira galimoto ina pokhota m'chifunga cha ku Thyolo, matayala osalala, mowa, ndi kunyamula mopyola muyeso. Sienta inapangidwira anthu 7, ndipo ikapanikiza anthu oposa pamenepo, matumba a chimanga ali kumbuyo, ABS yake singaipulumutse pa chitsetse. Peugeot 504 yomwe mabuleki ake akonzedwa bwino, matayala ake ndi atsopano, malamba aikidwamo, ndipo akuiyendetsa ndi munthu wodekha, ine ndingakwezemo mwana wanga mtima uli m'malo kusiyana ndi Sienta imeneyo.

Kuwonjezera apo, muyeso woyenera tili nawo kale, ndiwo COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu. Chimene chikufunika n'chakuti kuyesako kukhale kwenikweni, makamaka m'dera lachinyezi ngati lathu lino. Tengani chitsanzo cha Land Rover, yomwe inayamba kupangidwa mu 1948. Thupi lake ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, motero imatha kuoneka yabwinobwino kunjaku pamene chasisi chake, chimango cha pansi chonyamula thupilo, chomwe ndi cha chitsulo, chadyeka kale. Kuno chiperoni chikagwa, mawawa amatha masiku angapo osaleka, ndipo matope a katondo amalowa m'mphako za chasisi n'kukhala momwemo osauma. Woyesa galimoto amene amadziwa ntchito yake amalowa pansi ndi kanyundo n'kumagogoda. Pamene pali bwino chitsulo chimalira, pamene pawola chimangoti phu, fumbi lofiira n'kugwa. Galimoto yolephera mayeso otere ichotsedwe pa msewu, kaya ndi ya 1975 kaya ndi ya 2015. Ngati penapake chiphaso chimatuluka galimoto isanaonedwe n'komwe, vutolo ndi la kayesedwe, ndipo kuletsa galimoto chifukwa cha zaka sikungalithetse.

Mfundo yachiwiri ndi ya amene amati dziko likupita patsogolo, ndiye tisiye zakale tigule zatsopano. Apa ndi bwino kufunsa kuti zatsopanozo ndi ziti. Galimoto zambiri zimene timazitcha zatsopano ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, zolowa kudzera pa doko la Dar es Salaam kapena Durban. Ku Japan galimoto imayesedwa koyamba ikatha zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo popeza mayesowo ndi odula, eni ake ambiri amasankha kugulitsa n'kugula ina. Zimene iwo atopa nazo ndi zimene zimafika kuno, zambiri zitapyola kale zaka 10. Sindikutsutsa kuti boma lichepetse kulowa kwa galimoto zokalambitsa. Dziko la Kenya sililola galimoto yopitirira zaka 8 kulowa, ndipo kuno msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale. Koma kuitanitsa galimoto kunja ndi nkhani ina, kusamala imene ili kale m'dziko muno ndi nkhani inanso. Yoitanitsa imafuna madola, pamene ndalama zakunja zikusowa mpaka kuvutitsa kugula mafuta ndi mankhwala. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa galimoto iliyonse yochokera kunja unakwera tsiku lomwelo, koma pikapu yakale yomwe ili ku Chonde inalipiridwa kale madola ake zaka 40 zapitazo. Kuiphwanya n'kukaitanitsa ina ndi kulipira kawiri ntchito imodzi.

Mfundo yachitatu ndi ya mafuta ndi utsi. Amati galimoto zakale zimamwa petulo ngati madzi ndipo zimaipitsa mpweya. Pamenepa ndivomere kuti injini ya kabureta, chipangizo chakale chosakaniza petulo ndi mpweya, singafanane ndi ya Vitz kapena Mira pa kusunga mafuta, ndipo amene anagonapo pa mzere wa pa filing'i siteshoni m'zaka zapitazi sangaione mfundoyi mopepuka. Munthu wofuna galimoto yopitira ku ntchito ku Blantyre m'mawa uliwonse agule yaing'ono yosamwa mafuta, ameneyo sindikulimbana naye. Koma utsi wakuda umene timauona pa chitunda cha ku Thyolo kawirikawiri ndi wa injini yosasamalidwa: sefa ya mpweya yotsekeka, maring'i otha, oyilo amene sanasinthidwe chisinthireni. Zimenezi zimakonzeka. Tisaiwalenso kuti petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito. Ethanol amadya mapaipi akale a labala, ndipo makaniko wodziwa amayamba wasintha mapaipi amenewo asanachite china chilichonse, chifukwa paipi yodontha petulo pafupi ndi injini yotentha ndi imene imayatsa moto.

Tsopano ndifike pa chimene otsutsa amachidumpha nthawi zonse, chomwe kwa ine n'chachikulu: galimoto yakale imakonzeka kuno komwe, ndi anthu athu omwe. Pitani pa galaja ya pansi pa mtengo wa mango, mukaone makaniko akutsuka kabureta. Amayala chiguduli pa benchi, n'kumasula tizitsulo tonse, kulikonse n'kuika pamalo pake motsatana kuti asasokoneze pobwezeretsa. Kajeti, kachitsulo ka bowo kodutsa petulo, kakatsekeka amakatsuka ndi petulo m'kachitini, amakauzira ndi pakamwa, kenako amakaloza kudzuwa kuti aone ngati kuwala kukudutsa. Akabwezeretsa zonse amayatsa injini, n'kumapotoza sikuluwu pang'onopang'ono khutu lili tcheru, mpaka kulira kwa injini kutakhazikika. Pambali pake pamakhala kamnyamata kogwira sipanala, kakuonetsetsa chilichonse. Zida zonse za ntchitoyi zimakwana m'kabokosi kamodzi. Koma galimoto ya masiku ano ikayatsa nyali ya chenjezo ku Thekerani, makaniko yemweyo amatha kungoiyang'ana, chifukwa vuto lake limawerengedwa ndi kompyuta, ndipo nthawi zambiri mwini wake amayenera kuikoka mpaka ku Limbe. Giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa zija zosintha zokha, ikafa, ambiri saikonza, amangogula ina yathunthu. Batire lalikulu la galimoto ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, likatha mphamvu, mtengo wake umagwetsa mphwayi. N'chifukwa chake m'magalaja ambiri mukupezeka galimoto zowala penti, za zaka zochepa, zitaima miyezi kudikira kachipangizo kamodzi kochokera kunja. Sindikunyoza luso latsopano, ndipo achinyamata athu ayenera kuliphunzira. Ndikungoti kamnyamata kaja kamamvetsa mmene injini imapumira poona kabureta itamasulidwa, ndipo tikaphwanya galimoto zonse zoterezi tikutseka sukulu imene sitinalipire ndi tambala yomwe.

Misewu yathu nayonso ili kumbali ya galimoto zimenezi. Mukangochoka pa tala kulowera kumidzi ya m'mphepete mwa phiri la Mulanje, kapena kutsikira kumunsi kwa Thyolo, galimoto yotsika mimba imakhula pansi nthawi ya dzinja. Namondwe wa Freddy atawononga milatho ndi misewu mu March 2023, malo ambiri ankafikika ndi galimoto zazitali zokoka ndi matayala onse, mathirakitala ndi njinga basi. Si mwangozi kuti Peugeot 504, yomwe inatuluka koyamba mu 1968, inapitirira kupangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka kupyola chaka cha 2000, kapena kuti kapikapu ka Nissan 1400 kanapangidwabe ku South Africa mpaka mu 2008, kapenanso kuti Toyota ikupangabe Land Cruiser 70 imene inayamba mu 1984. Makampaniwa anaona kuti kuli madera kumene galimoto yosavuta, ya masipuling'i olimba, ndiyo imagwira ntchito. Mlimi wa nanazi amene akufuna kufikitsa katundu wake pa msewu waukulu, kapena banja limene likuthamangira ndi mayi wodwala ku Malamulo usiku mvula ikugwa, safunsa chaka cha galimoto.

Ena amati kukonzanso galimoto yakale ndi zosangalatsa za anthu olemera, zosayenera m'maboma amene anthu ambiri amadalira kutchola tiyi. Yankho langa ndi lalifupi. Munthu asadye fizi ya ana chifukwa cha galimoto, zimenezo palibe angazivomereze. Koma amene ali ndi ndalama zake, akasankha kukonza yakale m'malo moitanitsa ina, gawo lalikulu la ndalamazo limathera kwa wowotcherera, wosoka mipando, wopopera penti ndi wa magetsi a galimoto, anthu a pa Chitakale ndi pa Luchenza pomwepa.

Pali mfundo ina imene imanenedwa motsitsa mawu, koma ndi yofunika kuimva bwino. Amati Land Rover ndi malole a Bedford a m'maesiteti ndi zikumbutso za nthawi ya atsamunda, nthawi ya thangata, pamene makolo athu ankagwira ntchito mokakamizidwa pa nthaka imene inali yawo, ndiye palibe chifukwa chosungira galimoto imene bwana ankayendera poyang'anira anthu otchola tiyi. Ululu umene uli m'mawu amenewa ndi weniweni. Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje cha m'ma 1890, esiteti ya Satemwa ku Thyolo inayamba mu 1923, ndipo nkhani ya malo m'maboma awiriwa sinathe mpaka lero. Komabe funso n'lakuti ndani ankayendetsa malole amenewo, ndani ankagona pansi pake kumanga masipuling'i othyoka, ndani ankawakankha akatitimira. Anali agogo athu. Ambiri mwa amakaniko oyamba a kuno anaphunzira ntchito m'magalaja a m'maesiteti, n'kudzaphunzitsa ana awo ndi ana a alongo awo. Ndiponso si galimoto zonse zakale zinali za azungu. Datsun 120Y ndi Peugeot 404 zambiri zinagulidwa ndi aphunzitsi aakulu, eni magolosale ndi ena obwerera ku Halale ndi ku Joni, ndipo galimoto yoyamba ya m'mudzi inkanyamula mkwatibwi Loweruka, wodwala pakati pa sabata, ndi bokosi la maliro tsiku lina lililonse, nthawi zambiri mwini wake osalandira kanthu koposa ndalama ya mafuta. Imeneyi ndi mbiri yathu, ndipo sinalembedwe m'buku lililonse. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri ana a sukulu amakaona makina a nthunzi ndi mutu wa sitima yakale zili panja, ndipo amaphunzirapo kanthu. Koma mwana wa ku Nkando angaphunzire zambiri atakwera pikapu imene agogo ake ankayendetsa, injini ikulira.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga okonda galimoto aja, amene amati galimoto yakale isasinthidwe chilichonse ndipo isamayende kuopa kuti ingathe. Iwo amanyansidwa akaona Land Rover yomwe inaikidwa injini ya dizilo ya Toyota, amati yataya ulemu wake. Maganizo amenewa ndi a kumene zipangizo zenizeni zimapezeka mosavuta. Kuno injini yobwerekayo ndiyo inapulumutsa galimotoyo, ndipo malinga ngati ntchitoyo inagwiridwa mwaluso, mabuleki akugwirizana ndi mphamvu ya injini, komanso nambala ya injini yatsopano inakalembetsedwa ku Road Traffic, palibe cholakwika. Kunena za kuisunga osayenda, galimoto imawonongeka msanga ikaima kusiyana ndi ikamayenda. Malabala otsekera oyilo amauma n'kung'aluka, mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi n'kudyetsa masilinda dzimbiri, petulo wokhalitsa amasanduka utomoni m'kabureta, matayala amaphwatalala mbali imodzi, ndipo makoswe amamanga chisa m'mawaya. Lona lenilenilo, m'nyengo ya chiperoni, limasunga chinyezi pa penti. Galimoto yotuluka pa ukwati pokha ndi imene imafera pa geti la tchalitchi. Yoyenda kamodzi pa sabata, mtunda wokwanira kuti injini itenthe bwino, imaulula mavuto ake akadali aang'ono.

Koma galimoto zakale zambiri za kuno sizili m'manja mwa osonkhanitsa galimoto, zili m'manja mwa mabanja ofedwa, ndipo kumeneko ndi kumene zikuthera. Chithunzi chake tonse timachidziwa. Bambo atamwalira, galimoto inakankhidwira pansi pa mtengo wa mapeyala. Chaka choyamba wina anabwereka batire. Kenako matayala anapita ku ngolo, galimoto n'kukwezedwa pa miyala. Galasi limodzi litasweka, mvula inayamba kulowa, pansi pa mipando n'kubooka, nkhuku n'kuyamba kuikira pa mpando wa dalaivala. Akabwera munthu wofuna kugula kuti akaikonze, ana amakana, amati ndi chikumbutso cha bambo athu, achimwene a ku Lilongwe adzaikonza akapeza ndalama. Chikondi chimenechi ndimachilemekeza, koma akulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Nthawi zambiri chimene chimaimitsa zinthu si kusowa ndalama kokha, koma kusagwirizana: amalume akuti galimoto ndi ya kuchimuna, mayi ndi ana akuti ndi yawo, ndipo mapepala akadali m'dzina la malemu, motero palibe amene angaikepo ndalama zake pa chinthu chimene mawa angalandidwe. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo banja limene lasemphana likhoza kukapempha uphungu ku ofesi ya DC m'malo molekerera chumacho kuti chiwole onse akuyang'ana.

Banja lotere likhale pansi lisankhe munthu mmodzi, umwini usinthidwe mwalamulo, ndipo apatsane malire a nthawi, mwachitsanzo mvula ya chaka chamawa isanagwe. Ngati palibe m'banjamo amene angakwanitse, galimotoyo igulitsidwe kwa munthu amene aikonzadi, ngakhale akhale makaniko wa pa msika wolipira pang'onopang'ono. Kumuona akudutsa nayo pa msewu kudzatonthoza ana a malemu koposa kuiona ikumera udzu. Ngati chasisi chawola kotheratu, azichotse zipangizo zimene zili bwino, monga giyabokosi, magalasi, zitseko ndi nyali, zikapatse moyo galimoto ina ya mtundu womwewo, zotsalazo ndiye zipite ku zitsulo. Kuyesa koyamba sikulira ndalama zambiri. Makaniko amachotsa mapulagi, amathira oyilo pang'ono m'masilinda, amadikira masiku angapo, kenako amaika sipanala pa pule ya kutsogolo kwa injini n'kuyesa kuzunguza ndi manja. Ikazungulira, galimotoyo ikhoza kukonzeka, ndipo ndalama zoyamba zipite ku mabuleki, chiwongolero ndi matayala penti isanaganiziridwe.